Miyala Yokonola

Anthu akwathu ku Zingalume akamapita ku Lusaka amanyamula nsawa, nyemba, kapena mbale wodwala amene zipatala zakuno zamulephera. Ine ndidanyamula thumba la miyala, ndipo thumba lomwelo ndidabwera nalo. Kudali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, chisanu chitangotha, ine nditapuma kale pa ntchito ya uphunzitsi. Mawondo anga akuukumbukirabe ulendowo kuposa mutu wanga.

Kuseri kwa mudzi wathu kuli kaphiri ka mwala wotuwa. Amayi angapo, ambiri a iwo ochokera ku Mozambiki amene adathawa nkhondo n'kukhazikika pakati pathu, ankaswa miyala pamenepo ndi nyundo n'kumagulitsa kwa omanga nyumba kuboma la Chadiza. Adafika nthaka yabwino itagawidwa kale, minda yawo idali ya m'mbali mwa thanthwe, motero mwala ndiwo udali nkhokwe yawo. Ine adandisankha kukhala mlembi wawo chifukwa cha Chingerezi changa cha kumishoni.

Chaka chimenecho kampani ina idapatsidwa ntchito yothira phula pa chitunda choterera cha msewu wa kuboma, pamene magalimoto ankagona dzinja lililonse. Ndidavala jekete n'kupita kukapempha injiniya wa kampaniyo kuti miyala yothira paphulapo azigula kwa amayi athu. Munthuyo sadandinyoze, koma mpando sadandipatse. Adati miyala amaitenga ku chigayo cha miyala cha ku Chipata, ndipo yoswa pamanja sangaikhulupirire isadapimidwe. Ku Lusaka, adatero, kuli nyumba yopimira zomangira misewu, kumene akuyesa makina atsopano ojambula mwala ndi kamera, amene amanena okha kaumbidwe kake ndi khungu lake. Tikabweretsa pepala la kumeneko mwezi usadathe, adzatimvera. Mwezi ukatha, malole a ku Chipata ayamba kutsitsa. Adandilembera kakalata. Ndiyesa ankaganiza kuti sitipita. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nditawasonkhanitsa amayi paphiri paja ndidawafotokozera zonse, kenaka ndidawonjezera nzeru zanga.

"Mwamva kuti makinawo amajambula. Alipo pano amene adakajambulitsapo atavala za kumunda?"

Onse adaseka. Ndidawakumbutsa kuti kumishoni, woyendera sukulu akamabwera, tinkazira pansi ndi kupaka njereza miyala ya m'mbali mwa njira. Ndidawakumbutsanso kuti mlendo wolemekezeka sapatsidwa mgaiwa. Chimanga chake timayamba takonola. Mawuwo adawalowa, popeza adali mawu a ulemu umene onse adaleredwa nawo. Adasankha miyala ngati akusankha nyemba za mbewu, adaithira mumgolo pamodzi ndi mchenga ndi madzi, n'kumaugubuduza mgolowo masiku atatu athunthu. Youma mutu ankaikhula pamphero umodziumodzi. Idatuluka yosalala, yokongola ngati mazira a nkhanga.

Mmodzi yekha sadakondwe: amake Zuze, mtsogoleri wa gululo, mayi wamasiye wamfupi wosakonda kuyankhula, amene adaoloka malire ndi mwana kumsana ndi mutu wa nyundo ya malemu amuna awo m'kaphukusi.

"APhunzitsi," adatero, "ine sukulu sindiidziwa. Koma mwala wopanda mano sugwirana ndi unzake. Pomanga maziko wotere timataya."

"Amake Zuze, maziko a khola ndi kwina, Lusaka ndi kwina."

Adatola nyundo yawo n'kubwerera kukaswa miyala. Amayi anzawo adawasankha kuti andiperekeze, popeza ndiwo adali ndi khosi losenza thumbalo.

Tidanyamuka m'mamawa pangolo ya ng'ombe, thumba titalikulunga m'chitenje chatsopano, ndipo tidafika kuboma dzuwa lili paliwombo. Kondakitala wa minibasi ya ku Chipata adalinyamula pang'ono thumba lija n'kulitula msanga.

"Madala, mwapha njovu? Limeneli lilipira ngati anthu awiri, ndipo likandithyolera sipulingi mundigulira."

Tidamusiya apite. Wachiwiri adakana asadalikhudze n'komwe. Tidakhala masiku awiri pakhonde la sitolo ya mlamu wanga, pafupi ndi msika, tikuyang'ana fumbi la magalimoto a anthu ena. Ine ndinkawerenga masiku a mwezi pazala, amake Zuze ankangosenda chinangwa.

Tsiku lachitatu kudatulukira lole yodzaza matumba a nsawa, yopita ku Lusaka kudzera ku Katete. Woyendetsa adali aTembo, amene ndidawaphunzitsa ali mwana, ndipo samu idawakana mpaka kutuluka sukulu. Adavomera kutitenga pa nkhuku ziwiri zimene tidanyamula za kamba, koma padali china.

"ATicha, buleki ya pamanja idamwalira chaka chatha, maliro tidalira kale. Mnzanga woika mwala kutayala wapita kumaliro enieni. Ndikaima pachitunda, wina atsike msanga atchinge tayala, apo ayi tonse tibwerera ku Chadiza chafutambuyo."

Amake Zuze adapita pamulu wa miyala wa nyumba ina imene inkamangidwa kuseri kwa msika. Adatembenuza iwiri itatu, n'kubwera ndi umodzi waukulu ngati dzungu, wa ngodya zakuthwa, umene omanga adautaya pambali.

"Uwu ngwakwathu," adatero. "Ndidaugamula ndine."

Pachitunda choyamba, titangooloka kamtsinje, ine ndidati ntchito ya galimoto ndi ya mwamuna. Ndidatsika ndi jekete langa, bondo lidalira, ndipo mwala uja ndidauika kutsogolo kwa tayala pamene lole inkabwerera m'mbuyo. ATembo adaponda buleki ya phazi mpaka kuimirira pampando.

"ATicha! Mudandikwapula chifukwa cha samu, lero ine ndakukhululukirani. Kwerani mukhale. Amayi, tengani mwalawo."

Kuyambira pamenepo amake Zuze adakhala chakukhomo, mwala uli pamiyendo, ine pakati, giya ikundigunda bondo lomwe lija.

Msewu wa ku Katete udali wa mabampu okhaokha, ndipo mano anga otsala adagwedezeka onse. Pa Katete tidalowa msewu waukulu wa phula, ndipo ndidati tapuma. Koma phulalo lidali lodyekadyeka, maenje ake oti mbuzi n'kubisalamo. ATembo ankawazemba akuyankhula nawo ngati adani akale. Pa Sinda tayala lidaphulika. Lapadera nalonso lidali lopanda mpweya. Tidakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pamene mkulu wina wokonza matayala ankamata chubu, kupopa, kumva kuti chikutuluka pena, kumatanso. Tidagona panjira yolowera ku Petauke, pamwamba pa matumba a nsawa, ndipo ndidadzuka msana utalembedwa mizere ya saka.

Pa Nyimba injini idawira. Paipi ya madzi idang'ambika, ndipo m'masitolo onse a pamenepo mudalibe ina. ATembo adakwera basi kubwerera ku Petauke kukaifuna, natisiya tikulondera nsawa. Tsiku lonse lidathera pamenepo. Amayi ogulitsa nthochi adatizolowera mpaka kuleka kutiitanira malonda. Mmodzi adafunsa chimene chidali m'chitenje chatsopanocho, ndipo nditamuonetsa adatola kamwala kamodzi, n'kukasisita patsaya.

"Koma ndiye yokongola! Ndi ya mankhwala?"

"Ndi ya msewu," ndidayankha monyada.

"Msewu wa mfumukazi kapena," adatero.

Ndidasangalala nawo mawuwo. Amake Zuze adayang'ana kumbali. ATembo adabwera chakumadzulo opanda paipi, atanyamula malegeni a chubu chakale, n'kumanga chong'ambikacho ngati akumanga mwendo wa mbuzi. Kuyambira pamenepo tinkaima pa mjigo uliwonse kumwetsa injini.

Titadutsa Kacholola msewu udayamba kutsetsereka kulowa kuchigwa, kutentha kudakula, ndipo amake Zuze adaleka ngakhale kutafuna. Ndidazindikira chifukwa chake titaona ulalo wa Luangwa: padali asilikali. Mapepala a amake Zuze adali abwino, koma munthu amene adathawapo mfuti samva za mapepala. Msilikali wamtali adayang'ana zitupa zathu, n'kuloza chitenje chija kuti timasule. Adapisa dzanja, adatulutsa miyala yodzaza chikhatho, adaiyang'ana nthawi yaitali. Atayankhula, Chinyanja chake chidamveka kuti ndi Mbemba.

"Imwe akum'mawa! Mbewa zasila kwanu, manje mwayamba kudya myala?"

Apo ndidadziwa kuti tapulumuka, pakuti ife ndi Abemba ndi pachibale cha chipongwe.

"Iyayi, mdzukulu wanga," ndidatero. "Tikukagulitsa kwa Abemba. Tamva kuti anyani achenjera, ndiwo zikusowa kwanu; mwina mungawagende."

Adaseka mpaka chipewa kugwa, adaitana mnzake kuti adzamve, n'kutiuza tipite. Titaoloka, amake Zuze adatulutsa mpweya, ndipo ndidaona kuti mwala uja adaukumbatira ngati khanda.

Choopsa chidatipeza kumapiri a Manenekera, kumene msewu umakwera mokhotakhota, phiri mbali ino, phompho mbali inayo. Lole idakwera ikulira, idatsokomola kawiri, n'kuzima pakati pa chitunda. ATembo adaponda buleki, phazi lidangolowa.

"Mwala! Amayi, mwala!"

Sindidawaone potsika. Ndidangoona khomo lili pululu, mitengo ikuyenda chopita kutsogolo. Kenaka lole idagwedezeka, matumba adalira kumbuyo, ndipo tidaima. Nditatsika ndidapeza tayala litakwera pang'ono pamwala uja, ngodya yake yakuthwa italuma phula n'kukumba kamzere kotalika ngati chala, osapitirira apo. Kuphompho kudatsala mapazi atatu. ATembo adakhala pansi m'mbali mwa msewu, kenaka adavula chipewa.

"Amayi, mwala uwu ndi munthu."

Amake Zuze adapukuta chigongono chimene chidasupuka. Adayang'ana mwalawo, adayang'ana thumba la m'chitenje, adandiyang'ana ine. Ine ndidali ndi maso, koma phunziro lija lidandidutsa. Ndinkangothokoza Mulungu ndi kusisita bondo.

Za Rufunsa ndi Chongwe ndilibe chonena, ndidadutsamo ndikusinza. Tidalowa mu Lusaka Lachinayi madzulo, tsiku lachisanu chichokere kuboma. Potitsitsa pamsika waukulu aTembo adati adzabwerera Loweruka.

"Kuno kulibe mapiri. Sungani mwana wanuyo, amayi, ndikamusiya m'lole akuba a kuno amuba. Tidzamufuna pobwerera."

Amake Zuze adaubereka mwalawo kumsana ndi chitenje chakale, thumba pamutu. Tidagona kwa mwana wa mlongo wanga ku Mtendere, ndipo m'mawa tidayenda pansi, tikufunsa njira, mpaka kuipeza nyumba yopimirayo. Magetsi adali atathima. Tidakhala pabenchi mpaka masana, ine ndikupukuta nsapato ndi mpango.

Adatilandira mayi wachitsikana wovala chovala choyera, Mayi Lungu, Mnsenga wa ku Petauke. Adawerenga kalata ya injiniya, adamasula thumba, n'kuima.

"Atate, iyi mwatola mumtsinje?"

"Iyayi, mwana wanga. Ndi ya paphiri. Taikonza kuti ifike mwaulemu."

Adatilowetsa m'chipinda chozizira chotchinga makatani. Pakati padali tebulo la galasi lowala kuchokera pansi, pamwamba pake kamera yolendewera pa mkono wachitsulo, pambali kompyuta. Adayala miyala yathu pagalasipo m'mizere, wina osakhudza unzake, n'kudina. Mkono uja udayamba kuyenda wokha, kuima pamwamba pa mwala uliwonse, kuphethira, kupita pa wina, ngati woyendera sukulu akuona zikhadabo za ana. Itatha mizere, nyale ya pansi idazima, ya pamwamba idayaka, mkono udayambiranso.

"Nyale ya pansi imaonetsa mthunzi wa mwala," adafotokoza Mayi Lungu, "kuti makina awerenge ngodya zake, ndi kuona ngati ndi wobulungira kapena wopyapyala. Ya pamwamba imaonetsa khungu, ngati ndi lokhakhala kapena losalala. Kale tinkapima umodziumodzi ndi manja, wina n'kunena zake, wina zake. Awa alibe mbale."

Pagalasi la kompyuta padatuluka mithunzi yakuda, yobulungira bwino, yondandalika ngati mazira m'thireyi. Ine mtima udadzaza. Ndidati ndi umboni wa ntchito yabwino.

"Atate," adatero motsitsa mawu, "phula limagwira mwala wokhakhala. Ngodya ndizo zimalumana galimoto ikaponda. Wosalala umagubuduka ngati nsawa pasimenti, ndipo mvula ikagwa tayala limaterereka. Makina akuti iyi ndi miyala ya mumtsinje. Ndikalemba zimene aona, injiniya wanu sagula ngakhale umodzi. Ndipo zina sindingalembe."

Ndidayamba kufotokoza m'Chingerezi, chija chabwino cha kumishoni, za mgolo ndi mchenga ndi masiku atatu. Mayiyo adamvetsera mwaulemu mpaka ndidamaliza. Makina sadasinthe maganizo. Mwezi udatsala ndi masiku asanu; kupita kwathu kukatenga ina ndi kubweranso kukadatha khumi. Ndidaona nkhope za amayi aja mmodzimmodzi, manja awo otupa ndi kugubuduza mgolo, ndi malole a ku Chipata akutsitsa miyala pafupi ndi phiri lawo. Chakomachakoma pusi adagwa chagada. Ndidakhala pampando osaupempha.

Pamenepo amake Zuze adamasula chitenje cha kumsana, n'kutula mwala uja pansi. Mbali imodzi idali yakuda ndi mphira wa tayala.

"Mwanawe, uyu ndi mayi wake wa tonseti. Sadasambe. Ndikamuswa pompano, makina akowo angamuone?"

Mayi Lungu adagwada, adaupalasa ndi chikhadabo. Adati sangalembe za mwala wosadziwika kwawo. Amake Zuze adapisa m'kaphukusi, adatulutsa nyundo yawo, imene sankayenda osainyamula, adatola kamwala kamodzi kosalala n'kukaswa pakati, n'kukagundanitsa ndi mwala waukuluwo. Mkati mudali mofanana, motuwa ndi timadontho takuda.

"Iswani, amama," adatero Mayi Lungu. "Koma tikuweruka folo koloko."

Amake Zuze adakhala pakhonde la nyumba ya boma ija atatambasula miyendo, monga ankakhalira paphiri. Atamenya katatu mwalawo udagawika. Kenaka idayamba ntchito imene ndidaiona zaka zambiri osaiyang'ana: kugogoda, kutembenuza ndi chala, kugogodanso, kuponya kumanja wabwino, kumanzere wopyapyala. Mlonda adabwera kudzaletsa phokoso, n'kuima kumangoonerera. Adatuluka amuna awiri a zovala zoyera, nawonso adaima. Ine ntchito yanga idali kutola ndi kuthira m'sefa imene Mayi Lungu adandigwiritsa, jekete nditavula.

Mkono wachitsulo udayendanso ulendo wake, kuphethira pamwala uliwonse, mosafulumira, ngati sudziwa kuti pali anthu akudikira. Mithunzi idatuluka ya ngodyangodya, wina wosafanana ndi unzake. Nyale ya pamwamba itayaka, khungu la mwala lidaoneka pagalasi litakulitsidwa, lokhakhala ngati lilime la ng'ombe. Mayi Lungu adayang'ana manambala, adaitana mmodzi wa amuna aja, adayang'ana onse awiri.

"Amama, chigayo chimatitumizira yopyapyala yambiri, chifukwa chigayo sichitembenuza mwala. Dzanja lanu limatembenuza. Iyi yakhoza, kaumbidwe ndi khungu lomwe."

Adalemba pepala, adadinda. Adati za kulimba kwa mwala injiniya adzatumize yekha matumba ena, koma pa zimene adafunsa yankho ndi limenelo. M'munsi adawonjezera mzere umodzi ndi cholembera, n'kundipatsa.

"Atate, inu ndinu a Chingerezi. Awerengereni amama mzere womalizawo."

Ndidauwerenga, n'kuumasulira ndi pakamwa panga: miyala iperekedwe monga yaswedwera, isakhulidwe.

Titatuluka pachipata ndidaima.

"Amake Zuze, mudanena. Ndidalakwa ndine."

"Pepani sapoletsa chilonda, aPhunzitsi. Senzani thumba."

"Tilisenzerenji? Tikhuthule m'ngalandemu."

"Thukuta la masiku atatu la anzanga silitayidwa m'ngalande ya eni. Mukawaonetse, muwauze nokha."

Kuchokera ku Zingalume thumbalo lidayenda pamutu pawo. Kuchokera pachipata chija mpaka ku Mtendere lidayenda paphewa panga, ndipo ndidapuma kasanu ndi kawiri.

ATembo atamva kuti mwala uja taswa adagwira m'chiuno. "Mwapha munthu amene adatipulumutsa!" Adatola chidutswa cha simenti pamsika, koma sadachikhulupirire, ndipo pa Manenekera adatsika chitunda chonse m'giya yoyamba akupemphera mokweza. Ulendo wobwerera udali wa masiku atatu ndi theka, matayala awiri ataphulika panjira. Pepala lidafika m'manja mwa injiniya mwezi utatsala tsiku limodzi. Adaliwerenga kawiri, ndipo ulendo uno adandiloza mpando.

Amayi adaswa miyala chilimwe chonsecho, ngolo zikututa, ndipo chaka chimenecho palibe wa iwo adapita kukalima ganyu m'minda ya eni. Tsiku limene ndidawauza za mgolo, nditaima paphiri thumba lili pamapazi, sadandikalipire. Adangoseka mpaka ena kugona pansi, ndipo mpaka lero mwana akachapa chinthu chosafunika kuchapa amati wachita za aPhunzitsi.

Miyala yokonolayo palibe adaifuna. Ndidaithira pakhomo panga, pamene madzi a padenga amagwera. Imaoneka bwino ndithu, alendo amaiyamikira. Dzinja lililonse ndimaterereka pamenepo, kawiri ndagwa chagada, ndipo akazi anga andipempha kangapo kuti tiichotse tithirepo yoswa ya amake Zuze. Ndakana. Munthu wokalamba amaiwala msanga, koma matako saiwala.